MWANA WANU AFUNA KUKHALA DOTOLO: ZAKA ZOKONZEKERA

Nkhani ya pa wailesi kwa mafumu, anyakwawa ndi alimi a kwa Chapananga ndi a m'Chigwa chonse cha Shire

Madzulo ano sitikamba za thonje kapena za dibi la ng'ombe monga tichitira masiku ena. Tikamba za mwana amene wakhoza mayeso a Fomu 4, dzina lake latuluka kuti apite ku yunivesite kukaphunzira sayansi, ndipo iye mwini anena kuti mtima wake uli pa udotolo.

Mbiri yotere ikafika pamudzi anthu amakondwa, ndipo nkoyenera kutero. Amayi amaimba nthungululu, mbuzi imaphedwa, ndipo tsiku lomwelo ena amayamba kumuitana mwanayo kuti "adokotala". Koma mverani bwino. Mwanayo sanakhale dotolo ayi, ndipo mwina sanalowe ndi pakhomo pomwe pa sukulu ya madotolo. Iye wangofika pa zaka zokonzekera. Zaka zimenezi zili ngati nthawi yososa ndi kugalauza m'munda: sizioneka kanthu kwa munthu wodutsa m'njira, koma ndizo zinena ngati nkhokwe idzadzala. Ana ambiri anzeru amagwa pa zaka zomwezi, ndipo kawirikawiri chowagwetsa chimachokera kumudzi. Tsono tifuna kuti inu mudziwe chimene mwanayo akuchita kumeneko, ndi gawo lanu pa ntchitoyi.

CHIFUKWA CHAKE NKHANIYI NJANU

Inu a kwa Chapananga simusowa munthu wokuuzani kuti chipatala chachikulu chili kutali. Mukumbukira mwezi wa Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anadzaza mtsinje wa Mwanza naononga mlatho wanu waukulu uja, kotero kuti ulendo wopita ndi wodwala ku Chikwawa boma unasanduka wovuta koposa. Mu 2022 ndi 2023 kolera inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mu Malichi 2023 kunabweranso namondwe wa Freddy. Malungo ndi likodzo ndiye alendo a chaka ndi chaka m'chigwa muno.

Dziko lathu lili ndi madotolo ochepa poyerekeza ndi unyinji wa anthu, ndipo ambiri a iwo ali m'zipatala za m'mizinda. Dotolo wobadwira kuno, wodziwa Chimang'anja kapena Chisena, wodziwa kutentha kwa mwezi wa Okutobala ndi matope a dzinja, savutika kumva chimene agogo akudandaula. Chifukwa chake mwana mmodzi wa kuno akagwa panjira ya udotolo, si banja lake lokha limene lataya.

NJIRAYI INAYAMBA KALE

Kukonzekera kotere si kwatsopano. Dr. Daniel Malekebu, amene anali woyamba mwa anthu a dziko lino kukhala dotolo wa sukulu, anatsiriza maphunziro ake pa Meharry Medical College ku Amereka mu 1917, nabwerera kudzagwira ntchito ku Providence Industrial Mission ku Chiradzulu mu 1926. Dr. Hastings Kamuzu Banda nayenso sanangolowa m'sukulu ya madotolo tsiku limodzi. Anayamba waphunzira pa Indiana University, natenga digiri yake yoyamba pa University of Chicago mu 1931. Udotolo anaumaliza ku Meharry mu 1937, nakaonjezera ku Edinburgh kufikira 1941. Werengani nokha zakazo.

Kwa nthawi yaitali Mmalawi wofuna udotolo anayenera kuoloka nyanja kapena kupita maiko ena. Zinthu zinasintha mu 1991, pamene sukulu ya madotolo ya College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo mmodzi wa anthu amene analimbikira ntchitoyo anali Dr. John Chiphangwi. Madotolo oyamba anatuluka mu 1992, atayambira maphunziro awo kunja ndi kudzatsirizira kuno. M'zaka zoyambazo ambiri olowa udotolo anali oti aphunzira kale sayansi zaka ziwiri ku Chancellor College ku Zomba. Mu 2021 College of Medicine inaphatikizidwa ndi sukulu ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing, ndipo pamodzi zikutchedwa Kamuzu University of Health Sciences, mwachidule KUHeS. Tsono lero mwana wa kwa Chapananga angokwera mapiri a Thabwa, wafika.

MAKOMO AWIRI

Pali makomo awiri olowera, ndipo inu makolo muyenera kudziwa khomo limene mwana wanu waima.

Khomo loyamba nlochokera ku Fomu 4. Pa mayeso a MSCE phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 kufikira 9, ndipo nambala yochepa ndiyo yabwino. Amawerenga maphunziro 6 amene mwana wachita bwino koposa, kotero kuti wopambana onse ndiye wa mapointi 6. Ofuna malo m'mayunivesite a Boma amapempha kudzera ku bungwe la National Council for Higher Education. Malo a udotolo ngochepa ndipo opempha ngambiri, choncho amatengedwa ndi okhawo amene akhoza kwambiri Bayoloje, Kemisitiri, Fizikisi, Masamu ndi Chingerezi. Mu 2020 Boma linalengeza kuti lathetsa kusankha ana moyang'ana boma lochokera, tero mwana wa kuno apikisana ndi ana a dziko lonse. Wotengedwa pa khomo ili sayamba udotolo nthawi yomweyo. Amayamba ndi chaka chimodzi chokonzekera cha sayansi, ndipo akachikhoza ndi pamene alowa zaka 5 za udotolo weniweni.

Khomo lachiwiri nla mwana amene sanapeze malo a udotolo koma watengedwa kukaphunzira sayansi kwina. Ena amapita ku Malawi University of Science and Technology, imene anthu aitchula MUST, ku Ndata m'boma la Thyolo, pamwamba pa mapiri omwewa mukuwaona kum'mawa kwa Shire. Sukuluyi inalandira ophunzira ake oyamba mu 2014, ndipo mwa zina imaphunzitsa za tizilombo toyambitsa matenda, za chitetezo cha m'thupi ndi za makina ounikira odwala. Ena amapita ku University of Malawi ku Zomba kapena ku Mzuzu University. Mwana wotere akachita bwino kwambiri angathe kupempha malo a udotolo pambuyo pake, ndipo wolandiridwa ndi digiri ya sayansi sabwereranso ku chaka chokonzekera chija. Zofunika kwa opempha zimalengezedwa ndi sukulu ya madotolo yomweyo, ndipo mwanayo ayenera kuziwerenga yekha kuyambira chaka chake choyamba, osadalira zomva kwa anzake.

Koma taonani: digiri ya sayansi si udotolo. Mwana wotuluka ku Ndata kapena ku Zomba ndi digiri yake ndi munthu wophunzira ndithu, koma alibe chilolezo cholemba mankhwala kapena kuchita opaleshoni.

KODI AKUPHUNZIRA CHIYANI?

Bambo wina angafunse kuti, "Mwana wanga anati akukaphunzira kuchiza anthu, nanga bwanji chaka chatha osakhudza wodwala ndi mmodzi yemwe, angowerenga masamu?" Funsoli nlabwino, ndipo tiliyankha ndi zinthu zimene inu muzidziwa kale.

Kemisitiri ndi phunziro la mmene zinthu zisanganikirana ndi kusinthana. Inu alimi a thonje mudziwa kuti mankhwala opopera mukawachepetsa mbozi sizifa, mukawachulukitsa masamba apsa, ndipo wopopera mosadziteteza amadwala. Thupi la munthu nalonso lili ndi miyeso yake ya madzi, mchere ndi shuga. Wodwala kolera amafa chifukwa madzi ndi mchere zatha m'thupi, ndipo madzi a Thanzi amamupulumutsa chifukwa shuga amene alimo amathandiza matumbo kukoka mchere pamodzi ndi madzi. Dotolo wosadziwa Kemisitiri sangamvetse zimenezi.

Masamu ndiwo atchinjiriza mwana wanu wakhanda. Mwaona kuti ku chipatala amayamba amukweza mwana pa sikelo asanamupatse mankhwala a malungo. Amatero chifukwa muyeso wa mankhwala umatsata kulemera kwa wodwala. Kuphonya pang'ono powerengera, mankhwala ochiza asanduka poizoni.

Fizikisi ndi phunziro la mphamvu, kuwala, kutentha ndi kayendedwe ka madzi. Amene anathirirapo kudimba ndi pampu adziwa kuti paipi ikaphinjika madzi amakankha mwamphamvu. Mtima ndi pampu, mitsempha ndiyo mapaipi, ndipo matenda a kuthamanga kwa magazi amamveka bwino kwa wodziwa Fizikisi. Makina a X-ray ndi makina ounikira amayi oyembekezera amayendanso pa nzeru yomweyi.

Bayoloje ndi phunziro la zamoyo. M'menemo mwana wanu aphunzira kuti kachilombo ka malungo kamalowa m'thupi ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles, kamayamba kabisala m'chiwindi, kenaka kamalowa m'magazi ndi kuwaononga, ndiye chifukwa chake mwana wodwala malungo kawirikawiri amatha magazi. Aphunziranso kuti likodzo silichoka kwa munthu kupita kwa mnzake mwachindunji, koma limadzera mu nkhono za m'madzi odikha. Katemera wa malungo amene anayamba kuperekedwa kwa ana m'dziko muno mu Epulo 2019, Chikwawa ndi Nsanje ali m'gulu la maboma oyamba, anachokera ku nzeru yotereyi.

Chingerezi nacho musachipeputse. Mabuku onse a udotolo ndi mayeso onse ali m'Chingerezi. Mwana wochokera ku sekondale yoyendera ya kumudzi angakhale ndi nzeru zoposa anzake, koma ngati amachedwa kuwerenga ndi kumva Chingerezi cha aphunzitsi, amatsalira. Mwina sanagwirepo ndi kale lomwe makina oonera tizilombo, kapena kompyuta. Zimenezi si zamanyazi, koma zifuna kuti iye agwire ntchito kuposa anzake m'miyezi yoyamba.

CHAKA CHOYAMBA NCHOLEMBEDWA

Nachi chinthu chimene ana ambiri amachizindikira mochedwa. Ku yunivesite kulibe belu lodzutsa munthu, kulibe mphunzitsi woyendera m'zipinda ndi ndodo. Mwana amene anazolowera kukankhidwa amaona ngati wamasulidwa. Koma malikisi onse, kuyambira mayeso oyamba a chaka choyamba, amalembedwa pa chikalata chimodzi chimene chidzamutsata moyo wake wonse. Tsiku lopempha malo a udotolo, chikalata chimenecho ndicho chidzamulankhulira. Kungokhoza kokha sikukwana, pakuti opempha anzake adzabwera ndi malikisi apamwamba.

Ndiponso mayeso a ku yunivesite sakhala a kumapeto okha. Ntchito za sabata ndi sabata, zoyesa za m'labotale ndi mayeso a pakati pa teremu, zonse zimaonkhetsedwa. Mwana akajomba masabata awiri, zimene wataya sizibwerera. Wolephera amapatsidwa mpata wolembanso kapena wobwereza, koma mpatawo uli ndi malire, ndipo wolephera mopitirira amachotsedwa sukulu.

Tsono mwana wokonzekera udotolo achite izi. Asajombe m'kalasi ndi m'labotale. Awerenge tsiku lililonse, osadikira sabata ya mayeso. Akapanda kumva, afunse mphunzitsi msanga, asachite manyazi ndi Chingerezi chake. Apeze anzake awiri kapena atatu akhama owerenga nawo. Apewe mowa, juga ya pa foni ndi kubera mayeso, pakuti wogwidwa akubera wadzitsekera yekha khomo la ntchito imene maziko ake ndi kukhulupirika.

ZIMENE MUDZI UMALAKWITSA

Tsopano tifike kwa inu eni ake. Tiyerekeze mnyamata wa m'mudzi wina kuno, amene ali m'chaka choyamba. Mwezi woyamba aitanidwa ku maliro a m'bale wa patali. Mwezi wachiwiri aitanidwa ku mlandu wa malire a munda, chifukwa ndiye wodziwa kulemba. Mwezi wachitatu amayi ake amuimbira foni kuti ufa watha, ndipo iye atumiza ndalama imene inali ya chakudya chake, nayamba kudya kamodzi pa tsiku. Palibe mmodzi mwa abalewa amene anamufunira zoipa. Koma pakutha pa chaka malikisi ake atsika, ndipo khomo la udotolo latsekeka. Madzi a m'mbiya satha ndi munthu mmodzi, amatha ndi chikho chimodzi chimodzi.

Chifukwa chake tikupemphani zinthu zinayi.

Choyamba, musamuitane kumudzi pakati pa teremu pokhapokha pa chinthu chachikulu ndithu, monga imfa ya kholo lake. Maliro ena adzapepesa pa tchuthi, ndipo anyakwawa afotokozere anthu kuti kusabwera kwake si mwano.

Chachiwiri, musamupemphe ndalama. Ndalama imene ali nayo si malipiro, pakuti sanayambe ntchito.

Chachitatu, musamuumirize kuti achize anthu. Akabwera pa tchuthi, musamutengere odwala kuti awabaye jakisoni kapena awasankhire mapiritsi a pa golosale. Lamulo la dziko lino lilola okhawo amene analembedwa m'kaundula wa Medical Council of Malawi kuti agwire ntchito ya udotolo. Iye akakana nati, "Agogo, tiyeni kuchipatala," musati wayamba kunyada. Wayankha monga ayenera kuyankhira munthu amene adzakhale dotolo wabwino.

Chachinayi, musamupezere banja msanga. Mawu awa akhudza makamaka asungwana. Lero m'sukulu ya madotolo muli asungwana ambiri, ndipo amakhoza chimodzimodzi anyamata. Inu atsibweni, eni mbumba, munthu akabwera kudzafunsira mwana amene ali pa sukulu, yankho lanu likhale lakuti adikire. Mayi woyembekezera wa m'mudzi mwanu adzakondwa tsiku lina kupeza dotolo wamkazi womulankhula m'chinenero chake.

ZA NDALAMA

Sukulu ya ukachenjede ifuna ndalama: fizi, malo ogona, chakudya, zolembera, ulendo, ndipo masiku ano foni kapena kompyuta yowerengera. Mu 2015 Boma linakhazikitsa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa. Mwana apemphe nthawi yake isanathe, alembe zoona zokhazokha, ndipo asunge bwino makalata ake onse. Inu mafumu, mwana wotere akabwera kufuna umboni wanu, musamuchedwetse ndipo musamulipiritse. Dziwaninso kuti imeneyi ndi ngongole, si mphatso. Adzabweza akayamba ntchito, kuti ana ena adzabwerekenso.

Ngongoleyo siikwana zonse, choncho banja likhale pansi mwanayo asananyamuke. Cholakwa chimene mabanja ambiri amachita nkugulitsa ng'ombe kapena mbuzi zambiri chaka choyamba chifukwa cha chimwemwe, naiwala kuti ulendowu ngwa zaka zambiri. Werengani zakazo, mugawe ziweto ndi zokolola monga mwa zakazo. Musagulitse ng'ombe yaikazi yobereka pamene pali yamphongo. Patulani gawo la thonje, chitowe kapena nandolo chaka chilichonse. Thumba la ufa wa mapira kapena wa chimanga, nyemba ndi nsomba zouma zimathandiza mwana wodziphikira yekha koposa mmene muganizira. Munda wokha musagulitse, pakuti mwanayo ali ndi abale ake ofuna kudya. Ndipo ngati mwanayo akudzera khomo lachiwiri lija, banja lidziwiretu kuti digiri ikatha padzafunikanso ndalama za zaka zina 5.

TCHUTHI CHISAPITE PACHABE

Mwana akabwera pa tchuthi alime nanu ndithu, khasu silichotsa nzeru. Koma mumpatsenso nthawi ya mabuku ndi malo a phee. Ngati pali nyali ya sola, madzulo ikhale yake.

Pali chinanso chimene angachite. Apite kwa mkulu wa chipatala chaching'ono cha kwanuko, kapena kwa alangizi a zaumoyo, akapemphe chilolezo chothandiza pa ntchito zosafuna udotolo, monga kulemba maina pa sikelo ya ana, kufotokozera anthu za kugona m'masikito, kapena kuthira mankhwala m'madzi akumwa. Akaloledwa, aone ndi maso ake mzere wa odwala, fungo la zilonda ndi kutopa kwa anamwino. Ena akaona zimenezi mtima wawo umalimba. Ena amazindikira kuti ntchitoyi si yawo, ndipo nkwabwino kuzindikira msanga. Aphunzirenso kusunga chinsinsi: chimene waona kuchipatala asakachinene pa bawo kapena pa mjigo.

Musaganize kuti moyo wa kumudzi ngwachabe kwa wophunzira udotolo. College of Medicine inayambitsa mwambo wotumiza ophunzira ake kukakhala masiku angapo m'mabanja a m'midzi ya ku Mangochi, kuti aone mmene anthu amadyera, kumene amatunga madzi ndi chimene chimawachedwetsa kupita kuchipatala. Zimene ana a m'tauni amakaphunzira kumeneko, mwana wanu anabadwa nazo.

NTCHITO YA MAFUMU NDI ANYAKWAWA

Inu mafumu, kukonzekera kumeneku kumayamba mwana asanafike ku yunivesite. Mwana amene wasiya Fizikisi kapena Kemisitiri ali ku sekondale chifukwa anzake anamuuza kuti nzovuta, wadzitsekera yekha khomo la udotolo ali ndi zaka 16. Kambiranani ndi aphunzitsi aakulu ndi makomiti a sukulu za m'dera lanu. Funsani ngati ana akuphunzira maphunziro onse a sayansi, ngati pali chipinda choyeseramo, ndi ngati pali nyumba yoti mphunzitsi wa sayansi akhalemo. Njerwa ndi mchenga zili m'manja mwanu.

Wophunzira wa ku yunivesite akabwera pa tchuthi, muitaneni alankhule ndi ana a Fomu 1 ndi Fomu 2, awauze maphunziro oyenera kugwiritsa. Letsani kutuma ana kukaweta ng'ombe kapena kukatola thonje pa masiku a sukulu. Ndipo ngati mwana wanzeru ali wamasiye, sonkhanitsani mudzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma chopereka cha mudzi chilembedwe poyera, chikhale ndi osunga awiri kapena atatu, kuti pasadzakhale mlandu.

KHOMO LIKAPANDA KUTSEGUKA

Tinene zoona: si onse okonzekera amene adzalowa. Mwana angachite khama lonse napezabe kuti malo atha. Zikatero musamunyoze, musanene kuti ndalama zanu zapita m'madzi, ndiponso musathamangire kuloza anansi kuti amulodza. Mwana wolephera kapena wosatengedwa amakhala ndi chisoni chachikulu, ndipo ena amaopa ndi kubwera komwe kumudzi. Mulandireni, mumve mawu ake.

Chipatala sichiyenda ndi dotolo yekha. Ku KUHeS komweko amaphunzitsanso anamwino ndi azamba, akatswiri a mankhwala, oyeza magazi, madotolo a mano ndi othandiza ziwalo zofooka. Malawi College of Health Sciences ndi sukulu ya ku Malamulo m'boma la Thyolo zimaphunzitsa makiliniko ofesa, amene ndiwo amaona odwala ambiri m'zipatala za m'maboma, ndipo ena a iwo amachita ndi opaleshoni yomwe ya amayi ovutika pobereka. Ku Bunda, pa yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, amaphunzitsa madotolo a ziweto, ndipo inu a m'chigwa muno, amene misika yanu ya ng'ombe imatsekedwa kukabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, mudziwa kufunika kwa munthu wotere. Wa digiri ya sayansi angagwire ntchito m'labotale, angalowe m'kafukufuku wa malungo amene amachitika m'boma lomwe lino la Chikwawa, kapena angabwere kudzaphunzitsa sayansi ana anu. Sayansi imene anaphunzira siitayika.

TIWERENGE ZAKA

Tisanatseke, tiwerengere pamodzi. Pulaimale ndi zaka 8. Sekondale ndi zaka 4. Wodzera khomo loyamba aonjeza chaka 1 chokonzekera ndi zaka 5 za udotolo, zonse pamodzi zaka 18. Wodzera khomo lachiwiri, atatenga digiri ya zaka 4, afika zaka 21. M'zaka 5 zija, ziwiri zoyamba aphunzira mmene thupi la munthu linapangidwira ndi mmene ligwirira ntchito, ndipo zotsalazo akhala m'zipatala pambali pa odwala, akuyang'aniridwa ndi aphunzitsi ake. Akalandira digiri, agwiranso ntchito miyezi 18 pansi pa madotolo aakulu asanaloledwe kuima payekha.

Ulendo ngwautali, ndipo amene aufulumiza ndiye aulephera. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Inu mumadziwa kudikira: mumabzala mango podziwa kuti simudzadya chaka chomwecho, mumaweta thole zaka zingapo lisanabereke. Chitani chimodzimodzi ndi mwana uyu. Dzina la udotolo mulisunge kufikira tsiku lake, ndipo lero mumpatse nthawi, chakudya ndi mtendere.

Ndipo iwe mwana amene ukumva nkhaniyi pamodzi ndi makolo ako, kumbukira amene anagulitsa mbuzi kuti iwe ukwere basi. Ukadzatsiriza, usadzaiwale njira yotsikira ku Thabwa.

Inu anyakwawa, mawu awa mukawafotokozere anthu anu pa bwalo, makamaka mabanja amene ali ndi ana ku sekondale.